Aquaponics kuseri kwa nyumba mu Mzuzu: zoti mudziwe musanagule nsomba ndi imodzi yomwe

Mwina mwationapo timavidiyo tija pa TikTok kapena pa Facebook: thanki ya nsomba pansi, masamba obiriwira pamwamba, madzi akuzungulira okha, mwini wake akungoyendayenda ndi foni m'manja. Dzina lake ndi aquaponics, ndipo si zabodza ayi, zimathekadi. Koma ambiri mwa mavidiyowa amajambulidwa kumalo otentha, komwenso magetsi sathima chisawawa. Kuno ku Mzuzu tili ndi zinthu ziwiri zimene iwo sazitchula: kuzizira kwa June ndi July, ndi kuthimathima kwa magetsi. Mukaziiwala ziwirizi, tsiku lina mudzadzuka n'kupeza nsomba zonse zili chagada, ndalama zanu zalowa m'madzi.

Ndiye ngati muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba ku Chibavi, ku Luwinga, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, ndipo mukufuna kuyesa, nazi zoyenera kudziwa, mwadongosolo lake.

Kodi aquaponics n'chiyani?

Ndi ulimi wophatikiza nsomba ndi ndiwo zamasamba m'madzi amodzi, popanda dothi. Nsomba zikadya zimatulutsa amoniya, kudzera m'makha mwake komanso m'ndowe. Amoniya akachuluka m'madzi ndi poizoni kwa nsombazo. Pampu imakoka madziwo kupita nawo pa bedi lodzaza miyala. Pa miyalapo pamakhala mabakiteriya osaoneka ndi maso. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe ndi chakudya cha mbewu, monga amene ali mu feteleza wa CAN. Mizu imayamwa nitrate uja, madzi n'kubwerera kwa nsomba ali abwino.

Apa mwaona kuti mukuweta zinthu zitatu: nsomba, masamba, ndi mabakiteriya. Oyamba kumene ambiri amaiwala chachitatuchi chifukwa sachiona, koma ndicho mwini filimu.

Ulimiwu si wa dzulodzuloli. Dr James Rakocy ndi anzake anaufufuza kwa zaka zambiri pa University of the Virgin Islands kuyambira m'ma 1980. Mu 2014 bungwe la FAO linatulutsa buku la aquaponics ya alimi ang'onoang'ono, lomwe limapezeka ulere pa intaneti, ndipo manambala ambiri m'nkhani ino ndi a m'menemo. Kwathu kuno, polojekiti ya Ich liebe Fisch, imene inayamba mu 2016 ndi thandizo lochokera ku Germany, inayesa ulimiwu limodzi ndi a LUANAR ku Bunda.

Tinene zoona: mupezapo chiyani?

Tisanamizane, aise. Thanki imodzi kuseri kwa nyumba si bizinesi yoti mugulire Sienta. Ikayenda bwino ikupatsani masamba a ndiwo kangapo pa sabata, ndi nsomba zokwana makilogalamu anayi kapena asanu pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Phindu loyamba ndi masamba, nsomba zimabwera pambuyo.

Ubwino wake uli apa: simufuna munda, simupalira, simugula feteleza wambiri, ndipo madzi amene amatayika patsiku ndi ochepa, pakati pa lita imodzi ndi atatu pa malita 100 alionse. Kwa munthu wa lendi, pa puloti yopanda malo olima, zimenezi n'zothandiza. Koma yambani mwakambirana ndi alandilodi, chifukwa malita 1,000 a madzi amalemera tani yathunthu, ndipo si chinthu choti mungasamuke nacho usiku.

Zipangizo zofunika

Njira yosavuta kwa woyamba ndi ya bedi la miyala. Mufunika izi:

- Thanki ya pulasitiki ya malita 1,000, ija imakhala m'chikhola cha zitsulo, imene amaitcha IBC. Ikavuta kupeza, migolo ya pulasitiki ya buluu ya malita 200 imagwira ntchito: wina wa nsomba, wina woung'amba pakati m'litali kuti ukhale mabedi awiri.
- Pampu yoviika m'madzi, yotha kukoka malita 1,000 pa ola kapena kuposerapo. Kumbukirani kuti pampu ikamakweza madzi m'mwamba mphamvu yake imachepa.
- Kapampu ka mpweya, kaja kamatulutsa thovu m'madzi. Kakhale koyendera batire.
- Mapaipi a PVC, zolumikizira zake ndi tepi yotsekera modontha.
- Miyala ya kwale ya sentimita imodzi mpaka awiri kukula kwake.
- Pepala la pulasitiki loonekera mkati, mitengo kapena nsungwi zomangira kashedi.
- Choyezera kutentha kwa madzi, ndi kiti yoyezera pH, amoniya, nitrite ndi nitrate.

Mapaipi ndi kwale mupeza mu tauni momwemuno. Kiti yoyezera madzi ndiyo imavutirapo, ndiye funsani msanga kwa amene amaoda katundu ku Lilongwe, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Musaione ngati ya manyado. Popanda iyo mukuyenda mumdima.

Chenjezo pa thanki ndi migolo yogwiritsidwapo kale ntchito: funsani kuti munali chiyani. Ngati munali mafuta ophikira, juwisi kapena zakudya zina, tsukani bwino n'kugwiritsa ntchito. Ngati munali mankhwala, penti kapena oyilo, isiyeni, kaya ikhale yotchipa bwanji. Pulasitiki imasunga poizoni. Migolo ya chitsulo ndi malata nazonso ayi, chifukwa dzimbiri ndi zinki zimavulaza nsomba.

Miyala nayo iyeseni. Dontheezerani viniga pa ingapo. Ikachita thovu, ndi miyala ya laimu, ndipo idzakweza pH mopitirira. Sakani ina.

Kamangidwe kake

1. Sankhani malo osalala, olimba, owomba dzuwa maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo patsiku, otetezeka ku mphepo, komanso pafupi ndi soketi. Soketi ndi mawaya zikhale pamwamba, pouma.
2. Dulani thanki ya IBC mozungulira, masentimita 30 kuchokera pamwamba. Chidutswa cha pamwambacho chitembenuzeni, ndilo bedi lanu, lalikulu pafupifupi mita imodzi ku mita 1.2. Chotsalacho ndi nyumba ya nsomba, ya malita pafupifupi 600.
3. Sanjikani bedi pamwamba pa thanki, pa matabwa olimba kapena zitsulo, koma lisunthireni kumbuyo pang'ono kuti kutsogolo kutsale mpata wodyetsera nsomba ndi kuziona.
4. Boolani pansi pa bedi n'kuimika kapaipi kotulutsa madzi. Kutalika kwake kukhale koti madzi azilekezera masentimita anayi kapena asanu pansi pa miyala ya pamwamba. Kavekeni paipi ina yaikulupo yoboolaboola kuti miyala ndi mizu zisatseke njira.
5. Tsukani miyala mpaka madzi aziyera, kenako dzazani m'bedi.
6. Ikani pampu pansi pa thanki, paipi yake ikathire m'bedi. Madzi obwerera azigwera m'thanki kuchokera pamwamba kuti azilowetsa mpweya.
7. Phimbani mbali za thanki kuti dzuwa lisalowe, apo ayi ndere zidzadzaza. Pamwamba ikani waya kapena ukonde wolimba. Izi n'zoteteza ana aang'ono kuti asagweremo, komanso amphaka ndi mbalame.

Pa YouTube mudzaona chinthu chotchedwa bell siphon, chimene chimachititsa bedi kudzaza ndi kuphwa lokha mosinthanasinthana. N'chabwino chifukwa mizu imapuma, koma chimavuta kuchuna. Poyamba mukhoza kungosiya madzi aziyenda nthawi zonse kudzera pa kapaipi kaja, n'kudzaphunzira siphon zinthu zikakhazikika.

Madzi

Madzi a pa mpope a Northern Region Water Board, ochokera ku damu la Lunyangwa, amathiridwa klorini kuti ife timwe bwino. Koma klorini yemweyo amapha mabakiteriya anu ndi kuvulaza nsomba. Atungeni m'chidebe chosavindikira, akhale masiku awiri, makamaka mukuthiramo mpweya, kenako muwagwiritse ntchito. Chitani zomwezo nthawi iliyonse mukamawonjezera madzi ambiri.

Madzi a mvula, omwe kuno sasowa, ndi abwino ngati mwawakolola mwaukhondo, koma alibe michere yogwira pH kuti isatsike. Mankhwala ake ndi osavuta: tsukani zikamba za mazira, muzisinje, muzimange m'kansalu n'kuviika m'thanki.

Manambala oti muwasunge mu foni ndi awa: pH pakati pa 6 ndi 7, amoniya ndi nitrite osafika miligalamu imodzi pa lita, kutentha kwa madzi pakati pa madigiri 18 ndi 30.

Musathamangire nsomba

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu wamanga Loweruka, Lolemba waponyamo nsomba 50, pofika Lachisanu zayamba kufa. Chifukwa chake n'chakuti pa miyala yatsopano palibe mabakiteriya okwanira, ndiye amoniya amangounjikana.

Yendetsani pampu kaye popanda nsomba. Tsiku lililonse ponyanimo chakudya cha nsomba pang'ono, supuni imodzi yaing'ono, kuti chiole n'kutulutsa amoniya. Mabakiteriya amabwera okha. Mukamayeza muona amoniya akukwera kenako n'kutsika, nitrite akukwera kenako n'kutsika, pomaliza nitrate akuoneka. Amoniya ndi nitrite akatsikira pafupi ndi ziro, nyumba yakonzeka. Kukamatentha zimatenga masabata atatu mpaka asanu. Kukamazizira zimatha kufika miyezi iwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe chidule.

Nsomba ziti, zingati?

Nsomba zimene alimi amaweta m'Malawi muno ndi zinayi makamaka: makumba, chambo, chilunguni ndi mlamba.

Makumba ndi opirira ndipo mbewu yake imapezeka mosavuta, koma amayamba kuswana akadali aang'ono, kukula n'kuchedwa. Mukapeza amphongo okhaokha, bola. Chambo chimakoma ndipo aliyense amachifuna, koma mbewu yake siipezeka paliponse. Chilunguni chimadya masamba, ndiye zotsalira za pa bedi zimasanduka chakudya chake. Mlamba umatha kupuma mpweya wa kunja, choncho magetsi akathima supupuluma kufa. Koma umafuna chakudya cha mapuloteni ambiri, waukulu umadya waung'ono, umadumpha m'thanki yosaphimba, ndipo nawonso sukonda kuzizira.

Zingati? Chiwerengero chimachokera pa kukula kwa bedi, osati kwa thanki. A FAO amati bedi la masamba la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi limakwanitsa kuyeretsa madzi a chakudya cha magalamu 40 mpaka 50 patsiku. Bedi lathu lija ndiye kuti magalamu 50 mpaka 60. Nsomba zokulirapo zimadya gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a kulemera kwake patsiku. Mukawerengetsa, bedilo likwanitsa nsomba zolemera makilogalamu atatu mpaka asanu zonse pamodzi. Ndiye yambani ndi ana a nsomba 20 kapena 25 basi. Mukufuna zambiri? Wonjezerani bedi, osati nsomba.

Mbewu ya nsomba igulidwe kwa oswetsa odziwika. Funsani ku ofesi ya za usodzi, kapena kwa aphunzitsi ndi ophunzira a za nsomba pa Mzuzu University ku Luwinga. Likulu la kafukufuku wa ulimi wa nsomba la boma lili ku Domasi, ku Zomba. Osangotola nsomba mu mtsinje kapena m'dambo. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anabuka ku Mchinji, ndipo amafala kudzera mu nsomba ndi madzi ochokera kumalo okhudzidwa.

Chinanso, wina akakutsatsani Nile tilapia kuti imakula msanga, kanani. Lamulo la za usodzi silimalola kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo cholinga chake n'kuteteza chambo ndi mitundu ina mazanamazana ya m'Nyanja ya Malawi. Madzi ochoka mu Mzuzu amakathera ku nyanjako. Nsomba ya m'thanki mwanu isatayidwe mu mtsinje kapena m'ngalande, ngakhale mutatopa nayo.

Mukabwera nazo, musazikhuthule nthawi yomweyo. Yandamitsani jumbo yake pamwamba pa madzi kwa mphindi 20 kapena 30, muzithiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono, kenako muzitulutse.

Kadyetsedwe

M'damu la dothi nsomba zimapeza zakudya zachilengedwe, ndipo madeya amangothandizira. M'thanki mulibe zimenezo. Madeya okha sakwanira, ndiponso amadetsa madzi ndi kutseka pampu. Pezani chakudya cha nsomba cha timibulu toyandama, cha mapuloteni pafupifupi magawo 30 pa 100. Dyetsani kawiri patsiku, dzuwa litakwera. Chimene sichinadyedwe pakatha mphindi 30, chotsani. Nsomba zambiri za oyamba kumene zimafa ndi kukhuta kwa madzi, osati njala.

Zobzala

Yambani ndi masamba: letesi, mpiru, repu, chinese, bonongwe, anyezi wa masamba. Mbewu 20 mpaka 25 pa bedi la mita imodzi zimakwana. Fesani pa nazale, tsukani dothi lonse ku mizu, kenako zikani m'miyala. Tomato ndi tsabola zidikire miyezi ingapo, chifukwa zimafuna chakudya chambiri. Chinangwa, mbatata ndi chimanga zisiyeni kumunda.

Masamba atsopano akamatuluka achikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, ndiye kuti ayironi wachepa, ndipo kawirikawiri pH imakhala yakwera. Yezani kaye musanathire kanthu.

Mankhwala opopera tizilombo ndi oletsedwa apa. Cypermethrin amapha nsomba ngakhale atakhala wochepa kwambiri. Ngakhale mankhwala achikuda samalani nawo: ombwe, umene kuno timati mtetezga, ndi womwe uja anthu ankaphera nsomba m'mitsinje, ndipo madzi a fodya nawonso ndi poizoni. Nsabwe za m'masamba ndi mbozi muzichotse ndi manja, kapena tchingani bedi ndi ukonde.

Mdani woyamba: kuzizira

Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mu June ndi July usiku kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10, masana n'kukhala kamvula kowaza ndi nkhungu. Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akakhala madigiri 27 mpaka 30. Akatsika pansi pa 20 zimachepetsa kudya, cha pa 17 zimangotsala pang'ono kusiyiratu, ndipo cha pa 12 zimayamba kufa. Mabakiteriya nawo amagwira ntchito mwaulesi. Mnzanu wa ku Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 50 okha kuchokera kuno, alibe vuto limeneli, ndiye musamakopere zonse zimene iye akuchita. Thanki yaing'ono imazizira msanga kuposa damu, ndipo mgolo wa malita 200 ndiye kwambiri.

Chochita: mangani kashedi ka pulasitiki yoonekera kuti kazisunga kutentha kwa masana. Kadzathandizanso kuti mvula yathu ija isasefukize thanki. Kutani mbali za thanki ndi zofunda zakale, makatoni kapena matumba odzaza utuchi, n'kuphimba ndi pulasitiki yakuda. Usiku vindikirani pamwamba koma siyani mpata wa mpweya. Yezani madzi m'mamawa, chifukwa ndi pamene amazizira kwambiri. Akatsika pansi pa madigiri 20, chepetsani chakudya. Hita ya magetsi iiwaleni, idzakumalizirani mayunitsi.

Koposa zonse, gwiritsani ntchito kalendala. Mangani mu August. Yendetsani madzi opanda nsomba mu September. Ikani nsomba kumayambiriro kwa October, kukamatentha. Kololani zazikulu mu April kapena May, chisanu chisanafike. Mu June ndi July khalani ndi nsomba zochepa, pa bedi mubzale letesi ndi mpiru, zomwe zimakonda kozizira. Amene ayamba mu May amangomenyana ndi nyengo.

Mdani wachiwiri: magetsi

Pampu ikaima, madzi saseferedwa ndipo mpweya umayamba kutha. Masamba angapirire maola angapo chifukwa miyala imasunga chinyezi, koma nsomba zothithikana m'thanki sizidikira. Mukaziona zili pamwamba zikuyasamula, mpweya wachepa.

Tiyeni tiwerengere. Pampu ya mawati 25 yoyenda usana ndi usiku imadya mayunitsi 0.6 patsiku, kutanthauza mayunitsi 18 pa mwezi. Kapampu ka mpweya ka mawati 5 ndiko kopulumutsa. Batire ya mavoti 12 ndi ma amp-hour 50, mukagwiritsa ntchito theka la mphamvu yake kuti isawonongeke, ikhoza kukayendetsa maola pafupifupi 60. Muli ndi sola? Bola kwambiri, koma poganizira masiku a mitambo a kuno, batire isakhale yaing'ono.

Magetsi akathima ndipo mulibe chilichonse, chitani izi: siyani kudyetsa, chifukwa nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri, tungani madzi ndi ndowa n'kuwathira kuchokera pamwamba kangapo pa ola, ena thirani pa bedi. Nsomba zikhoza kukhala masiku angapo osadya, koma osati popanda mpweya. Apanso n'chifukwa chake tikuti nsomba zikhale zochepa.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Tsiku lililonse: onani ngati pampu ikuyenda, dyetsani n'kuyang'ana mmene zikudyera, yezani kutentha, chotsani nsomba yakufa ngati ilipo. Sabata iliyonse: yezani pH, amoniya, nitrite ndi nitrate, tsukani sefa ya pampu, wonjezerani madzi. Mwezi uliwonse: chotsani matope pansi pa thanki n'kukathirira nawo maluwa kapena nthochi. Miyala ya m'bedi musaitsuke ndi madzi a pa mpope kapena sopo, mupha antchito anu osaoneka aja.

Amoniya kapena nitrite akakwera mwadzidzidzi, siyani kudyetsa tsiku limodzi kapena awiri, sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, ndipo fufuzani ngati muli nsomba yakufa kapena chakudya chowola. Mukachokapo kupita kumudzi, siyani munthu amene mwamuonetsa zochita, ndi chakudya choyezeratu cha tsiku lililonse, chifukwa wachifundo amadyetsa mopitirira.

Ngati ndalama sizikukwana zonse nthawi imodzi, gulani motsatana chonchi: thanki ndi miyala, pampu ya madzi, kiti yoyezera, kapampu ka mpweya ndi batire yake, pulasitiki ya shedi. Nsomba zikhale zomalizira. Lembani zonse m'kope kapena mu foni, tsiku, kutentha kwa madzi, chakudya ndi zimene mwakolola, kuti pofika August wa chaka chamawa mudzadziwe ngati n'koyenera kuwonjezera bedi lachiwiri.